Ndinakameta kwa Abuda

Sonkhezerani kukamwa kwachitatuko, njerwa za mbali imeneyo zingatuluke zosapsa. Basi, bwerani mukhale. Mwandiseka sabata yonse kuti ndikamva munthu akusesa ndimasiya chikombole n'kuima ngati ndaitanidwa. Sekani, mano ndi anu. Koma poti uvuniwu sutilola kuchoka mpaka upse, lekani ndikuuzeni kumene zinachokera, ndipo wina asandidule pakamwa.

Ine Lifeyo sindinayambire kuumba njerwa ayi. Ndinali kalipentala, ndipo mpando wanga munthu ankaukhalira mpaka kuusiyira adzukulu. Ndinkakhala chikamwini cha ku Linthipe kuja, kwao kwa mkazi wanga Elube. Mwana tinali naye mmodzi, Ndaziona, amene nthawi imeneyo anali atangolemba mayeso omaliza a kusekondale. Elube anali wamanzere, wosachedwa kuseka, ndipo ankadzuka tambala asanaganize n'komwe zolira. Izi ndikukuuzani monga mmene anthu anandiuzira pambuyo pake. Mumva chifukwa chake.

Chaka chimenecho, chakumapeto kwa Okutobala, ndinapeza ntchito yokhoma denga pakachisi wa Abuda, paphiri lina kuseri kwa boma la Dedza. Musaganize chinyumba chachikulu. Panali holo imodzi, tizipinda tingapo, khitchini, ndi mitengo ya paini mbali zonse. Mkulu wa pamalopo anali a Namaona, munthu wa ku Thyolo amene anakhala zaka makumi awiri kumaiko a kutsidya kwa nyanja n'kubwerako ndi mkanjo ndi mpala. Anthu ankangowatcha Aphunzitsi. Pageti pankakhala mlonda, a Juwawo, wa kumalire kuja, munthu wokonda fodya wamphuno ndi nkhani.

Ndili padenga, Ndaziona anandiimbira foni kuti amayi ake sakupeza bwino. Ndinati agule mapilitsi, ndibwera Loweruka. Anaimbanso patapita masiku awiri, mawu akunjenjemera. Ndinayang'ana kumwamba, mitambo ikusonkhana, malata atatsala asanu ndi limodzi, ndiye ndinati, "Mawa, mwanangu. Mvula ingalowe m'holo ya eni." Foni yachitatu inali ya alamu anga a Zakeyu, achimwene ake a Elube. Moni sanandipatse. Anangoti, "Malata aja mwamaliza? Bwerani mudzakhome bokosi."

Bokosilo ndinalikhomadi ndekha, ndipo sindinakhomepo lina lowongoka chotero. Mwambo wa maliro unayenda bwino. Palibe amene anandinena poyera, koma ndikamadutsa amayi ankatsitsa mawu, ndipo Ndaziona ankandipatsa madzi osandiyang'ana kumaso.

Kwao kwa Elube mwambo wake ndi uwu. Pakapita masiku atatu chiikireni maliro abale onse amameta, koma woyamba kumetedwa ndi mwamuna wa malemu, ndipo womumeta ndi mwinimbumba. Tsitsilo amalisonkhanitsa n'kukalikwirira patsinde pa mtengo, akutchula dzina la womwalirayo ndi kumuuza kuti, "Njira yako ndi iyo, makolo ako ali uko, ife takumasula." Amati popanda zimenezo munthu amangokhala panjira, kumudzi kulibe, kwa makolonso sanafike.

Mwinimbumba anali a Zakeyu omwewo. Sikuti ndinkaopa kuti andicheka ndi lumo. Ndinkaopa kukhala pansi pakati pa bwalo, mudzi wonse ukuyang'ana mutu wa munthu amene anasankha malata. Choncho tsiku lometa lisanache ndinatenga zinthu zitatu m'nyumba: duku la Elube lobiriwira la madontho oyera, chithunzi chake, ndi chipeso cha mlombwa chimene ndinamusemera tili pachibwenzi. Ndinatulukira kuseri kwa khola. Ndinamva pambuyo pake kuti a Zakeyu atapeza nyumba ili pululu anangoti, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Kuphiri kuja ndinapeza akukonzekera m'bindikiro wa miyezi itatu umene amachita nyengo ya mvula. Ndinapempha kuti ndilowe nawo. A Namaona anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Za kumudzi mwathana nazo, a Lifeyo?"

"Eya, Aphunzitsi, zonse zatha."

Ndinanama mosaphethira. Olowa m'bindikiro amameta mpala, ndiye anandimeta tsiku lomwelo kuseri kwa khitchini, tsitsi langa n'kulisesera kudzala pamodzi ndi makoko a mbatata. Madzulo ake unafika uthenga pafoni wochokera kwa a Zakeyu woti akundidikira. Ndinayankha mawu awiri, "Ndameta kale," kenako foniyo ndinaipereka kuti aisunge monga lamulo linkanenera. Ndinadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Tsiku linkayamba ndi belu la folo koloko m'mamawa. Tinalipo ophunzira asanu ndi anayi, ndipo kunja kwa nthawi ya maphunziro lamulo linali lokhala chete. Tinkakhala pamakushoni, miyendo yopinda, msana chilili, n'kumawerenga mpweya wathu, kulowa ndi kutuluka, kuyambira chimodzi mpaka khumi. Maganizo akakuthawa, umabwerera pachimodzi. Inu mukuseka, koma kayeseni. Ine sabata yoyamba sindinadutsepo pachinayi. Ndikangofika pachitatu, foni ija inkayamba kulira m'mutu mwanga.

Sabata yachitatu a Namaona anabweretsa mpando m'holo n'kuuika pakati.

"A Lifeyo, inu ndinu kalipentala. Tiphwasulireni mpandowu."

Ndinauphwasula mosavuta, miyendo apo, chotsamira apo, thabwa lokhalira apo. Iwo anatola mwendo umodzi.

"Mpando ndi uwu?"

"Ayi, umenewo ndi mwendo."

"Nanga chotsamirachi?"

"Ayinso."

"Ndiye mpando ndi mulu wonsewu?"

"Aphunzitsi, mulu wa matabwa munthu angaukhalire? Misomali imubaya."

Anthu anaseka, iwonso anaseka. Kenako anafunsa ngati mpandowo uli kwina, kunja kwa matabwawo, ndipo ndinati kulibe.

"Chimenechi ndicho tabwerera kudzaphunzira," anatero. "M'mabuku athu chili ndi dzina lake, koma ine ndimangoti kupanda phata. Funafunani m'chinthu chilichonse, simupezamo phata lakelake loima palokha. Tsopano ubwezereni."

Ndinaubwezera, iwo n'kukhalapo, ndipo ali chikhalire analankhulanso kwa nthawi ndithu. Zimene ananena pamenepo sindinazimve. Mtima wanga unali utatsalira pamulu wa matabwa paja.

Chimene ndinamva chinali ntchito imene anatipatsa pomaliza. Anati tikakhala pansi, mpweya ukakhazikika, tikumbukire tsiku limene munthu anatinamizira mlandu. Pamakhala kanthu kamene kamadzuka m'chifuwa n'kumati, "Ine? Ine ndachita zimenezo?" Kameneko tikagwire, kenako tikafunefune pang'onopang'ono. Kali m'mutu? M'mafupa? M'dzina? M'maganizo amene akubwera ndi kupitawa? Ndipo anabwereza kawiri konse kuti, "Muyambe ndi inu eni. Musakhudze wina."

Anzanga zinkawayendera, poti iwo anali onamiziridwa. Ine mlandu wanga unali woona. Ndikati ndimugwire "ine" uja, ndinkamupeza ali padenga, hamala ili m'manja, foni ili pakhutu. Sindinkatha kumuyang'ana. Ndiye inandibwerera nzeru, ya mtundu uja umabwera kwa munthu wosafuna kufunsa. Ndinati, ngati mpando ulibe phata, Elubenso alibe phata. Ngati Elube sapezeka paliponse, ndani anadwala? Ndani anandidikira? Kwa Aphunzitsi sindinapite nazo. Safunsa anadya phula, ndipo langa ndinalidya ndikumwetulira.

Ndinayamba ndi duku. M'mamawa umenewo ndinaliika m'maganizo, ndikuliona pamutu pake, n'kufunsa kuti, Elube ali mu dukuli? Ndinalimasula, ndinaliyala, ndinaona ulusi, utoto, fakitale imene inaliluka, wogulitsa wa pamsika. Elube munalibemo. Anthu inu, tsiku limenelo ndinafika pakhumi koyamba. Chifuwa chinapepuka, ndipo phala la m'mawa ndinalimva kukoma.

Madzulo ake nditatsegula chikwama, duku munalibe. Ndinakutumula zonse. Chithunzi chinalipo, chipeso chinalipo. Ndinaganiza za makoswe, ndinaganiza za mnzanga wa chipinda choyandikana, koma m'bindikiro simufunsana mafunso, ndiye ndinangozisiya.

M'mamawa wotsatira ndinadzuka belu lisanalire. Panja, pafupi ndi zenera langa, munthu ankasesa. Shwe, shwe, shwe, kenako shweee. Katatu kofupika, kamodzi kotalika, n'kupuma pang'ono. Nthawi imeneyo kasesedwe ka Elube kameneko ndinali ndikukadziwabe, poti ndinakamva m'mawa uliwonse kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ndinafunda bulangeti kumutu mpaka belu litalira. Kutacha ndinakayang'ana pansi pa zenera. Masamba a paini anali mbwee monga dzulo lake, opanda mzere ndi umodzi womwe wa tsache.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati amenewa ndi maganizo chabe, ndipo mankhwala a maganizo ndawapeza. Ndinatenga chithunzi. Elube ali papepalali? Ndi pepala, ndi inki, ndi dzuwa la tsiku limene anajambulidwa. Mulibe. Patapita masiku awiri chithunzi chinasowa. Ndinatenga chipeso, nachonso chinapita, ngakhale ndinali nditachiika pansi pa pilo.

Masana ena anandituma kukakonza geti limene linkakwekwesa pansi. A Juwawo lamulo lokhala chete silinkawakhudza, ndipo ngakhale likanawakhudza sakanalisunga.

"Amisiri," anatero, akutsina fodya, "kumtundako alipo amene akuyembekezera mlendo wamayi?"

Ndinapukusa mutu.

"Chifukwa kwabwera mayi kuno masiku atatu otsatizana, dzuwa likamapendeka. Amaima paja pali mwalapo. Ndikawapatsa moni amandifunsa njira ya kwao. Ndimati, kwanu n'kuti, mayi? Iwo duu. Ndikawerama kuti ndiyetsemule, podzuka palibe. Galu wangayu paja amauwa ngakhale gulugufe, koma akawaona iwowa amalowa pansi pa benchi."

Ndinaswa lamulo n'kufunsa kuti amavala chiyani.

"Duku lobiriwira la madontho. Dzulo anali ndi kamtolo kakang'ono m'manja, koma poyamba paja analibe."

"Nanga nkhope?"

A Juwawo anakanda kumutu. "Aa, nkhope ali nayo. Koma mwandifunsa chinthu chovuta, amisiri."

Hamala inandigwa m'manja. Ndinamaliza getilo mopotoka, ine amene sindinkapotoza ntchito, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere. Koma tamvani mmene mtima wa munthu wothawa ulili. M'malo moti nditsike phiri, ndinati vuto ndi lakuti ntchito ndaisiyira pakati. Ndachotsa zakunja, zam'kati zikadalipo.

Ndinayamba ndi mawu ake. Ndinamumva akundiitana kuchokera kudimba monga ankachitira, ndipo ndinawagawa mawuwo ngati mmene ndimang'ambira thabwa: mpweya, lilime, mphepo imene inawanyamula, khutu langa. Elube munalibemo. M'mawa mwake ndinayesa kuwakumbukira mawuwo, koma m'mutu munali zii. Ndinkadziwa kuti ankandiitana, koma kamvekedwe kake kanali katachoka. Ndikuuzeni zoona, ndinasangalala. Ndinachita chimodzimodzi ndi kuseka kwake, kayendedwe kake, fungo la mafuta amene ankadzola. Nkhope inanditengera masiku anayi, poti inkakana. Ndinachotsa maso, ndinachotsa kachipsera kapachibwano, ndinachotsa mpata wa m'mano, mpaka inalolera.

Kusesa kuja kunkamvekabe, koma tsiku lililonse kunkasunthira kutali. Kunachoka pazenera kupita pabwalo la holo, kuchoka apo kupita kumitengo. Sabata yachisanu ndi chiwiri ndinkachita kutchera khutu kuti ndikumve, kumunsi kwenikweni, cha kugeti. Anzanga m'holo anayamba kundipatsa ulemu. Ndinkakhala maola awiri osasuntha ngakhale chala, ndipo ndinaona mmodzi akuyesa kutsanzira kakhalidwe kanga.

Chomaliza chinali dzina. Limenelo silinavute n'komwe. Ndinati ndi phokoso chabe limene makolo ake anasankha, akanatha kusankha lina. M'mawa wotsatira kunja kunali chete, ndipo ndinagona mpaka belu.

Masana ake a Juwawo anakwera okha mpaka kukhitchini, chinthu chimene sankachita. Anandipeza ndikuwaza nkhuni. Fodya sanatsine.

"Amisiri, ine ntchito ino ndisiya. Mayi aja dzulo sanafunse njira."

Ndinatula nkhwangwa.

"Anandifunsa ngati ndikudziwa dzina lawo. Mawu akenso, ngati munthu akulankhulira m'chipinda china. Ndakhala paulonda zaka khumi ndi zisanu, akuba ndawaonapo, afisi ndawaonapo, koma munthu wamkulu kundifunsa dzina lake lomwe? Ndinati sindikudziwa, mayi. Anakhala pansi pamwala paja, n'kumangotembenuza kamtolo kawo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze dzinalo. Linali lisanathe tsiku chilitayireni, ndiye ndinkaganiza kuti likadali pafupi. Ndinafufuza m'mutu monse. Ndinapeza mayina a azilamu anga, a makasitomala anga, a agalu amene tinawetapo. La mkazi wanga munalibe. Pamenepo m'pamene mantha enieni anandigwira, ndipo ndinakhala pansi pachipika.

Sindinachite kupita kwa a Namaona, anandiitanitsa okha m'mawa wotsatira titangotuluka m'holo. Anali atakhala pampando womwe uja.

"A Lifeyo, m'holo muja timakhalamo anthu khumi pamodzi ndi ine. Ndakhala ndikumvetsera mpweya wa anthu zaka zambiri. Kwa masabata angapo ndinkamva wa khumi ndi chimodzi, kumbuyo kwanu, wofooka. Ndinkati mwina makutu akukalamba. Dzulo ndi lero sunamveke. Mwachita chiyani?"

Ndinawauza zonse, kuyambira malata mpaka dzina. Sanandidule. Nditamaliza anagwira kumaso ndi manja onse awiri.

"Mpando uja mutaubwezera, ndinatani?"

"Munakhalapo."

"Unandinyamula?"

"Unakunyamulani."

"Ndipo ndili pomwepo ndinanena chiyani?"

"Zimenezo sindinazimve, Aphunzitsi."

"Ndinati kupanda phata sikutanthauza kuti chinthu kulibe. Mpando ulipo chifukwa cha mtengo, mvula, misomali, manja anu, ndi munthu wofuna pokhala. Akazi anu analibe phata loima paokha chifukwa anali opangidwa ndi amayi awo, mudzi wawo, mwana wawo, ndi inu. N'chifukwa chake zimene mukuwachita zikuwafika. Phunziro limeneli munthu akaligwira bwino amayamba kusamala chilichonse, poti waona kuti zonse n'zomangirirana. Inu mwaphwasula n'kuchokapo."

"Ndimafuna kuti zileke kupweteka, Aphunzitsi."

"Ndikudziwa. Zaleka?"

"Zaleka."

"Ndiye mukuliriranji?"

Sindinkadziwa kuti ndikulira. Iwo anapitiriza motsitsa mawu, akuti mlandu wina ndi wawo, chifukwa tsiku lija anaona kuti ndikunama koma anandilola, poganiza kuti kukhala chete kundithandiza. Anati za mizimu ya kwathu sadziwa zambiri kuposa alamu anga, ndipo lumo la pakachisi silingagwire ntchito ya lumo la a Zakeyu. Anandibwezera foni yanga n'kunena kuti nditsike tsiku lomwelo.

"Nanga zimene ndataya zibwerera?"

"Sindikudziwa," anatero. Munthu uja sankanama ngakhale pofuna kutonthoza.

Linali Lachinayi, tsiku la msika kumunsi kwa phiri. Nthawi inali cha m'ma naini koloko, koma chifunga chinali chisanachoke. Pamwala wa pageti panalibe munthu. Ndinatsika msewu wafumbi uja mofulumira, ndikudziuza kuti ndikangomuona ndimudziwa basi. Zaka makumi awiri ndi chimodzi m'nyumba imodzi, munthu angasokonekere? Ndinali nditakonza kale mawu. Ndimuuza kuti pepa, tiye kwanu, ndikuperekeza.

Mumsewu munali amayi ambiri, ena atasenza mbatata, ena kabichi, ena ana kumsana. Aliyense ndinkamuyang'anitsitsa kumaso mpaka mmodzi anandifunsa ngati ndataya mbuzi. Maduku obiriwira ndinawaona anayi kapena asanu. Ndinayesa kukumbuka kuti madontho aja anali aakulu kapena aang'ono, koma nazonso zinali zitapita.

Pakalavati, pamene msewu umakhota, panakhala mayi yekha, miyendo atatambasula, kamtolo kali pamiyendopo. Sanali wamkulu, sanali wamng'ono. Ndinamuyang'ana monga ndinayang'anira ena onse, ndipo mumtima simunagwedezeke kanthu. Nditayandikira anadzutsa mutu.

"Bambo, kodi mukundidziwa?"

Mawu ake anali a munthu wamba, otopa. Ndinaganiza kuti ndi mmodzi wa amayi aja amapempha thandizo m'njira, ndipo ine ndinali ndi ulendo wofunika, ndikufunafuna mkazi wanga.

"Ayi, mayi, pepani. Ndikufulumira."

"Zikomo," anatero. Sanadandaule, sanabwerezenso. Anangowerama n'kupitiriza kusisita kanthu kamene kanali m'dzanja lake lamanzere.

Ndinayenda mapazi ngati makumi awiri. Kenako maso anga a ukalipentala anandiuza chimene anali ataona. Chinali chipeso cha mlombwa, dzino lachitatu lalifupi kuposa anzake, poti pamenepo thabwa linali ndi mfundo ndipo linathyoka ndikusema. Chipeso chotero padziko pano chilipo chimodzi. Ntchito ya manja anga ndinaizindikira, anthu inu, koma mwini wake ndinamupitirira.

Ndinatembenuka n'kuthamanga. Pakalavati panalibe munthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiitane, dzina palibe. Ndinakuwa kuti, "Mayi! Mayi!" monga uitanira munthu wogwetsa mpango pamsika. Kenako ndinakumbuka dzina limodzi limene linatsala chifukwa linali lomangirira pamwana, ndipo ndinakuwa, "Amake Ndaziona!" Ndinalowa m'mapaini, ndinasuzumira pansi pa kalavati, ndinatsika mpaka kukhwawa. Amayi a mbatata ankandilambalala. Ndinakhala pamalopo mpaka chifunga chinachoka ndipo dzuwa linafika pamutu, ndikufunsa aliyense wodutsa ngati wakumana ndi mayi wa kamtolo. Onse ankati ayi.

Ku Linthipe ndinafika chakumadzulo. A Zakeyu ndinawapeza akusoka thumba pakhonde. Ndinagwada patsogolo pawo ndikudikira mawu amene ndinawathawa miyezi iwiri, koma sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anaika thumba pansi n'kuyendetsa chikhatho pamutu panga. Kukachisi tinkameta sabata iliyonse, ndiye panali posalala.

"Timeta chiyani pamenepa, alamu?" anatero. "Mlongo wanga ndimutsanzika ndi chiyani?"

Anati tidikira limere. Anadzandimetadi patapita mwezi ndi theka, tsitsi n'kulikwirira patsinde pa mtengo, ndipo dzina lakuti Elube ndinalimva kuchokera pakamwa pawo ngati dzina la munthu wa m'nyuzipepala. Mpaka lero ndimalitchula chomwecho. Zakuti anali wamanzere, zakuti ankaseka msanga, ndinachita kufunsa kwa anthu, ndipo ndimaziloweza kuti zisandithawenso. Ngati mawu a pamtengo paja anamufika, sindikudziwa. Koma lekani ndimalize za tsiku limene ndinafikalo.

Nditachoka kwa a Zakeyu ndinapita kunyumba kwathu. Ndaziona anali akuchokera kumjigo. Atandiona anatula ndowa mofulumira mpaka madzi kutayikira, n'kuthamangira kukatsegula chitseko. Ndinkayembekezera mkwiyo, koma mwana uja nkhope yake inali yowala. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumbuyo kwanga, kunjira.

"Ababa, ndimadziwa kuti mubwera lero," anatero. "Amayi ndakhala ndikuwalota kuyambira muja munachokera. Amakhala pamwala, kumalo kwa mitengo yaitali. Ndikawaitana kuti tiyeni kunyumba amakana. Amati, pita iwe, ine ndikudikira abambo ako, ndiwo akundidziwa, tibwera limodzi. Usiku wathawu anati lero."

Anapukuta manja pachitenje, n'kusunthira pambali pa khomo.

"Mwabwera nawo, eti?"

Ndinacheuka. Kunjira kunali mbuzi ziwiri ndi munthu wa njinga akupita kwao.

"Ndabwera ndekha, mwanangu."

Ndaziona anakhalabe chiimire pambali pa khomo paja, atasiya mpata woti munthu adutse.